Anthu akabalalika pamaliro: malangizo kwa amene kupemphera kukumukanika

Chitisiyireni bambo a ana anga, funso limodzi lakhala likunditsata kulikonse. Limabwera pa WhatsApp usiku anthu atagona, limabwera pakhomo la tchalitchi tikuweruka, nthawi zina limabwera ndi munthu amene wafika ngati wodzapempha mchere, kenako n'kukhala pansi osafuna kutsanzika. "Mayi, inu munatani kuti mtima ukhale pansi? Ine kupemphera kukundikanika." Ndayankha kambirimbiri, ndipo poyankha mothamanga ndimasiya zina zofunika. Ndiye ndati ndilembe kamodzi, kuti wondifunsa ndizimutumizira, zotsalazo tizidzacheza pamaso.

Sindine m'busa. Ndine mayi wa Mvano, bungwe la amayi a CCAP kuno ku sinodi ya Blantyre, lomwe anzathu a ku Nkhoma amati Chigwirizano ndipo a ku Livingstonia amati Umanyano. Ntchito yathu yambiri ndi kuyendera odwala ndi kugona pamaliro. Ndinagona m'masiwa ambiri a anthu ena lisanafike tsiku loti siwa ikhale nyumba yanga, ndipo pamenepo m'pamene ndinazindikira kuti mawu ena amene ndinkatonthoza nawo anzanga anali opanda mchere.

Kuyendetsa maliro ife timatha. Moto umayaka panja usiku wonse, makwaya amasinthana, adzukulu amalawirira kumanda, chipepeso chimalembedwa m'kope ndi kuwerengedwa pagulu, palibe namfedwa amene amakhala yekha. Koma likadutsa tsiku la kusesa, tsiku lija achibale amasesa nyumba ndi kukambirana za katundu ndi ngongole za malemu, aliyense amakwera basi yake. Mipando yobwereka imabwezedwa, miphika ikuluikulu imabwerera kutchalitchi, nyumba n'kuti zii. Malangizowa ndi a nthawi imeneyo. Amene ntchito yawathera, banja lawathera kapena alandira zotsatira zoipa kuchipatala apezamonso zawo, koma ine ndikamba za imfa chifukwa ndi imene ndikuidziwa.

Ndikuuzireni limodzi: mukatsata zonsezi simudzasiya kumva kuwawa. Mtendere umene ndikunena ndi woti mukulira, inde, koma simukumuthawa Mulungu ndipo usiku mukutha kugona.

1. Yambani ndi thupi.

Ambiri amayembekeza kuti ndiyamba ndi pemphero. Tsegulani 1 Mafumu 19. Eliya atathawa Yezebeli anakakhala pansi pa kamtengo m'chipululu, n'kupempha kuti angofa. Mngelo sanamulalikire. Anamudzutsa, kumupatsa mkate ndi madzi, kumusiya agonenso, n'kumudzutsanso kachiwiri kuti adye. Kulankhulana kwenikweni ndi Mulungu kunadzachitika ku phiri la Horebu, atayenda masiku 40.

Inunso idyani, ngakhale kakhale kaphala masipuni asanu. Imwani madzi. Sambani ndi kuvala zochapa ngakhale simukupita kulikonse. Ngati mumamwa mankhwala a BP, a shuga kapena ma ARV, musadumphe tsiku, ndipo uzani munthu wina m'nyumbamo kuti azikukumbutsani, chifukwa mutu wa namfedwa umaiwala ngakhale pamene waika makiyi.

Zolakwika ziwiri zimene ndaziona kawirikawiri. Choyamba ndi kuyamba kusala kudya masabata oyambirirawa poganiza kuti Mulungu amva msanga. Thupi lanu lasala kale masiku onse a maliro aja, musalionjezere. Chachiwiri ndi kufunafuna tulo m'botolo kapena m'mapiritsi ogula pagolosale. Tulo totere timatha 2 koloko usiku, n'kukusiyani maso ali gwa ndi maganizo oipa kuposa aja munagona nawo.

2. Sankhani anthu awiri kapena atatu, ena onse muziwathokoza chabe.

Odzapepesa amabwera ndi mtima wabwino, koma si onse amene muyenera kusunga mawu awo. Mudzamva kuti "musalire, mukumutsekereza njira", "Mulungu amathyola duwa lokongola", "mukadali mwana, mudzapeza wina", "limbani mtima chifukwa cha ana". Yankhani kuti zikomo, apatseni mpando, akapita mawuwo apite nawo. Musakangane nawo. Mawa adzakhala iwo pamphasa pomwepo ndipo adzamvetsa okha.

Abwenzi atatu a Yobu anachita bwino kwambiri masiku asanu ndi awiri oyambirira, pamene anangokhala naye pansi osanena kanthu. Zinthu zinaipa atatsegula pakamwa kuyamba kumufotokozera chifukwa chimene zamugwera. Munthu amene mukufuna ndi wamtundu wa masiku asanu ndi awiri aja: wotha kukhala nanu pakhonde akusenda nyemba osakufunsani mafunso, wosanyamula zanu kupita nazo pamjigo, ndipo ngati n'kotheka amene zinamuonekerapo. Akatolika muli ndi mphakati, kagulu ka mabanja oyandikana kopemphera limodzi mkati mwa sabata. A Adventist muli ndi amayi a Dorika. Mipingo ina ili ndi mapemphero a m'makomo. Yang'anani mmenemo.

Mukamupeza, mupempheni chinthu chooneka. Mawu akuti "mukafuna kanthu mundiuze" palibe namfedwa amene amawagwiritsa ntchito. Nenani kuti, "Achemwali, muzibwera Lachitatu lililonse madzulo mpaka mwezi uthe," kapena "Achimwene, muzindiimbira Loweruka m'mawa." Abambo, apa ndi pamene mumagwera. Mkazi wanu akamwalira, amayi onse amathamangira ana, inu n'kutsala pansi pa mtengo wa mango ndi wailesi. Sankhani mwamuna mnzanu mmodzi ndipo mumuuze zoona.

3. Konzani za mapepala, koma musapange chiganizo chachikulu.

Wina anena kuti izi sizauzimu. Koma ndaona amayi ambiri akulephera kupemphera, osati chifukwa chikhulupiriro chatha, koma chifukwa alamu awo anyamula mabedi ndi makina osokera, ndipo mwininyumba akugogoda.

Sonkhanitsani m'chikwama chimodzi chiphaso cha imfa, chitupa cha unzika cha malemu ndi chanu, kalata ya ukwati, mapepala a malo kapena nyumba, a kubanki ndi a kuntchito. Chikwamacho chisungidwe kwa munthu wodalirika ngati kunyumba kukulowa anthu ambiri. Lamulo la chuma cha masiye la 2011 limanena kuti kulanda katundu wa masiye ndi mlandu, ndipo limaika patsogolo mkazi kapena mwamuna wotsala ndi ana. Zikavuta pitani ku Victim Support Unit kupolisi, ku ofesi ya DC kapena ku Legal Aid Bureau. Kupita kumeneko si kusakhululuka. Mukhoza kuwakhululukira alamu anu mbale ndi mabulangete a ana zili m'nyumba mwanu.

Miyambo ina ndi yabwinobwino, monga kusudzula, pamene akuchimuna kapena akuchikazi amamasula wotsalayo mwaulemu kuti apitirize moyo wake. Koma wina akakuuzani za kulowa kufa, kuti mugone ndi munthu kuti "muchotse imfa" pamudzi, kanani, ndipo itanani abusa kapena akulu a mpingo akhale pambali panu pokana. Malamulo a dziko amaletsa zimenezo.

Miyezi isanu ndi umodzi yoyambirira musagulitse nyumba kapena munda, musalowe m'banja lina, ndipo musatenge katapila, ngongole ija ya chiwongoladzanja chokwera mwezi ndi mwezi, kuti mumangire chiliza. Chiliza chidikira.

4. Funso lakuti "ndani wachita zimenezi?" litsekereni kunja.

Lidzabwera. Ngati simulibweretsa nokha, alibweretsa azakhali. Kwathu kuno imfa siimangochitika. Ngakhale munthu wa zaka 90 akatsamira mkono, pamapezeka wonong'ona. Wina adzakuuzani za sing'anga woombeza ula, wina za mneneri amene "amaona", amene akufuna mubzale kaye mbewu ya ndalama ndi kugula kabotolo ka mafuta kapena madzi. Mayina ndi zovala n'zosiyana, koma malonda ndi amodzi: mumalipira kuti akupatseni dzina la munthu woti mudane naye. Ndipo dzinalo kawirikawiri limakhala la agogo okalamba osowa wowateteza, kapena la m'bale amene munali naye kale kamkangano ka malo.

Sindikufuna tikangane ngati za mumdima ziliko kapena kulibe. Chimene ndaona ndi maso anga n'chakuti funsoli silikhuta. Sindinaonepo munthu amene anapatsidwa dzina n'kuyamba kugona tulo. Amayamba kuopa chakudya cha kwa abale, kuletsa ana kupita kumudzi, kubwerera kwa woombeza uja mwana akangotentha thupi. Dziwaninso kuti pa lamulo la 1911, lomwe likugwirabe ntchito, kutchula munthu kuti ndi mfiti ndi mlandu. Za ogulitsa mphatso za Mulungu, werengani nokha zimene Petro anauza Simoni pa Machitidwe 8.

Mu Marichi 2023, namondwe wa Freddy atagwetsa matope ndi miyala kuchokera m'phiri la Soche n'kukwirira nyumba ku Chilobwe, tinamva zonse: ena amati napolo wadutsa, ena amati Mulungu walanga Blantyre chifukwa cha machimo. Koma m'matope muja munali makanda, munali amayi a Mvano, munali oledzera ndi osaledzera. Yesu anakambapo za ngozi yotere pa Luka 13, za anthu 18 amene nsanja ya ku Siloamu inawagwera, ndipo anakana kuti iwo anali ochimwa kuposa anthu ena a mu Yerusalemu. Pa Yohane 9 ophunzira atafunsa kuti anachimwa ndani kuti munthu abadwe wosaona, anati si iyeyo, si makolo akenso.

Funsoli lili ndi mng'ono wake amene amaloza mkati: "Ndikanathamangira nawo kuchipatala Lachiwiri lija." "Ndikanamuletsa kukwera njinga ija." Ili ndiye limaluma usiku. Lachiwiri lija simunkadziwa zimene mukudziwa lero. Ngati pali chenicheni chimene munalakwitsa, chitchuleni kamodzi pamaso pa Mulungu, ndipo ngati kungathandize, pamaso pa abusa kapena ansembe, mulandire chikhululukiro. Mlandu umene waweruzidwa sazengedwanso usiku uliwonse.

5. Muuzeni Mulungu zoona, ngakhale zoonazo zili zoti mwamukwiyira.

Apa ndi pamene ndikufuna tikhalitse, chifukwa ndi pamene ambiri amadumpha, ndipo ndi pamene pagona nkhani ya "kupemphera kukundikanika".

Tinaleredwa mwaulemu. Mwana safunsa bambo ake kuti "chifukwa chiyani", ndipo kwa mfumu sitilankhula titaimirira. Ulemu umenewu tinapita nawo kwa Mulungu, ndipo ndi wabwino. Koma imfa ikalowa m'nyumba, mumagwada n'kuyamba monga mwa masiku onse, "Tikukuthokozani Atate chifukwa ndinu wabwino," pakamwa pakunena zimenezo mtima ukunena zina. Mukatero masiku angapo mumatopa ndi bodzalo n'kungosiya. Si kuti chikhulupiriro chatha. Mwasiya chifukwa pemphero lokhalo limene munaphunzitsidwa silikukwana zimene mwasenza.

Ine ndinakhala masabata atatu osapemphera, ndikutsogolera ana pa pemphero la chakudya ngati wailesi. Tsiku lina madzulo ndikuomola nsima, ndinapezeka ndaika mbale yawo ija yachitsulo ndipo ndaikamo kale mitanda iwiri. Ana anangoyang'anana. Ndinatuluka n'kukalowa m'bafa yapanja, chifukwa ndi malo okhawo okhala ndi chitseko kumene ana sakanandimva. Ndinakhala pa ndowa yovundikira, mumdima, ndipo mawu amene anatuluka anali akuti, "Mwandilakwira. Ndinakupemphani, tinasala, mpingo wonse unapemphera, Inu munangoyang'ana." Nditatero ndinachita mantha, ndikudikira ngati mphezi. Kunalibe mphezi, kunalibenso liwu lochokera kumwamba. Kunali galu wa aneba akuuwa ndi madzi akudontha pampopi. Koma mawa lake ndinabwereranso pa ndowa paja, ndipo ndi mmene ndinayambiranso kupemphera.

Musanaganize kuti ndikukuphunzitsani mwano, onani amene ananditsogolera. Salimo 13 lili ndi mavesi asanu ndi limodzi okha, ndipo m'mavesi awiri oyambirira Davide akufunsa kanayi kuti "kufikira liti". Naomi atabwerera ku Betelehemu wopanda mwamuna ndi ana ake awiri, anauza amayi a m'mudzi kuti asamutchenso Naomi koma Mara, chifukwa Wamphamvuyonse wamuchitira zowawa. Marita ndi Mariya, aliyense payekha, anauza Yesu pamaso kuti akanakhalapo mlongo wawo sakanafa, ndipo Iye sanawadzudzule. Vesi lalifupi lija la Yohane 11:35 likuti Yesu analira. Yeremiya pa chaputala 20 akufika ponena kuti Mulungu anamunyenga. Ambuye mwini pamtanda anafuula mawu oyamba a Salimo 22, kufunsa chifukwa chimene Mulungu wamusiyira. Ndipo kumapeto kwa buku la Yobu, amene Mulungu anawakwiyira ndi abwenzi aja omuikira kumbuyo ndi mawu okoma. Za Yobu, amene anakhala akudandaula machaputala onse aja, anati ndiye wanena zoona.

Mufunsa kuti nanga Aisraele aja analangidwa m'chipululu chifukwa chong'ung'udza? Kusiyana kwake kulipo. Salimo 106 likuti iwo ankang'ung'udza m'mahema mwawo. Ankanena za Mulungu, atamufulatira, akukonza zobwerera ku Igupto. Yobu ndi Davide ankanena kwa Mulungu, atamuyang'ana. Aliyense amene anakhalapo pabanja akudziwa kusiyana kwa mkazi amene akukalipira mwamuna wake kuchipinda ndi amene wangoti chete, akumwetulira alendo, katundu atamanga kale.

Kachitidwe kake ndi aka. Pezani malo a chitseko, kapena kumunda, kapena m'galimoto ngati muli nayo. Sankhani nthawi imodzi tsiku lililonse, mphindi khumi zakwana. Lankhulani motulutsa mawu, m'chinenero chimene munayamwira, osati Chingerezi cha pa guwa kapena Chichewa cha mapemphero a pamsonkhano. Tchulani dzina la malemu. Tchulani chimene chikuwawa lero lenilenilo: kuti bedi lakula, kuti mwana wafunsa funso limene mwasowa yankho lake, kuti mwaona mnzanu akuyenda ndi mwamuna wake mumsika ndipo mwachita nsanje. Mawu akasowa, tsegulani Salimo 13, 42, 77 kapena 88 ndi kuwerenga mokweza ngati anu. Ngati Chichewa cha Buku Lopatulika, lija la 1922, chikukulemerani, tengani Buku Loyera, mawu ake ndi apafupi. Akasowa ngakhale amenewo, ingokhalani pamenepo mukubuula; Aroma 8:26 akuti Mzimu amatipempherera ndi mabuulo osatheka kuneneka.

Salimo 88 ndilitchule mwapadera. Masalimo ambiri odandaula amatembenuka kumapeto n'kuyamba kutamanda. Ili ayi. Limayamba ndi kulira, limathera mumdima. Ndimakhulupirira kuti linasiyidwamo dala, chifukwa cha masiku amene pemphero lanu lidzathera pomwepo. Tsiku lotero musakakamize "aleluya" kumapeto. Nenani ameni, mukagone.

Tsono pali gawo lachiwiri, ndipo dongosolo lake n'lofunika. Ku Getsemane Yesu anayamba ndi kupempha kuti chikho chimupitirire, katatu konse, thukuta likugwa. Mawu akuti kufuna kwa Atate kuchitike anabwera pambuyo pa pempholo, osati m'malo mwake. Ife timathamangira gawo lachiwirili tili kumanda, nkhata zisanafote: "Ndi chifuniro cha Mulungu." Zikanenedwa msanga chotere zimakhala ngati kumata bala la mafinya ndi pulasitala. Lolani gawo loyamba litenge masabata kapena miyezi imene likufuna.

Lachiwirilo likamadzafika, silibwera ngati yankho la "chifukwa chiyani". Ine mpaka lero sindinauzidwe chifukwa, ndipo Yobu naye sanauzidwe. Limabwera ngati mawu a anyamata atatu aja pa Danieli 3, amene anauza Nebukadinezara kuti Mulungu wawo akhoza kuwapulumutsa m'ng'anjo, koma ngakhale atapanda kutero, fano lija salilambira. Kapena a Habakuku kumapeto kwa buku lake, amene mlimi aliyense wa kuno amawamva m'mafupa: mitengo yosabala, minda yopanda chakudya, makola opanda ziweto, koma iye n'kunena kuti adzakondwerabe mwa Yehova. Ambirife tinkadalira Mulungu chifukwa tinkaganiza kuti tikamutumikira bwino, zoterezi zizigwera ena. Chikhulupiriro chimenecho chimakwiriridwa limodzi ndi bokosi, ndipo kuchilira n'koyenera. Chimene chimamera pamalo pake n'chakuti, "Simunandipatse chimene ndinapempha, sindikumvetsa, koma kwina kopita ndilibe, ndipo sindikuchoka." Tsiku loyamba kunena zimenezi mudzazinena mano ali okukuta. Zili bwino choncho. Bambo uja wa pa Marko 9 anati akukhulupirira, n'kupempha pomwepo kuti athandizidwe kusakhulupirira kwake, ndipo Yesu anamulandira.

6. Senzani tsiku limodzi basi.

Usiku maganizo amathamangira kutsogolo: fizi ya teremu ikubwerayi, lendi ya Disembala, adzandiika m'manda ndani. Mana a m'chipululu ankagwa okwanira tsiku limodzi, ndipo osungira mawa ankawapeza atachita mphutsi. Mphamvu zimene mwapatsidwa lero ndi za lero.

Ikani kope ndi cholembera pafupi ndi pogona. Nkhawa ikakudzutsani, ilembeni, ndipo pambali pake mulembe chimodzi mwa ziwiri: chimene mungachitepo mawa kukacha, monga "kukaonana ndi ahedi", kapena mawu akuti "iyi ndi yanu, Ambuye". Tsekani kope. Musanagone tchulaninso chinthu chimodzi chabwino cha tsikulo, chaching'ono ndi choona, monga kuti magetsi sanazime kapena mwana waseka. Musadzikakamize kuthokoza chifukwa cha imfayo. Palibe amene akukupemphani zimenezo.

Afilipi 4:6-7 mwina mwatumiziridwa kale kakhumi pafoni, ndi maluwa m'mbali. Kumbukirani kuti Paulo analemba mawu amenewo ali m'ndende, ndipo akuti mtendere wa Mulungu udzasunga mitima yanu, monga achitira mlonda. Mlonda sathetsa akuba m'tauni. Amangokhala pageti usiku wonse kuti inu mugone.

7. Bwererani kutchalitchi msanga kuposa mmene mukufunira.

Lamulungu loyamba ndi lowawa, ndipo likachedwa limawawa koposa. Pitani ndi mnzanu uja wa pa nambala 2, mukhale kumbuyo pafupi ndi khomo. Nyimbo imene inaimbidwa potsitsa bokosi idzaimbidwa tsiku lina mosayembekezera. Tulukani, mukalire kuseri, mubwerere ngati mungathe. Simukuyenera kuimba. Ena akuimbirani, monga inu munaimbira ena. Mgonero kapena Ukalistia musauthawe chifukwa choti mwakwiyira Mulungu. Gome limenelo ndi la Munthu amene anadziwa kusiyidwa.

Ena mpingo unakupwetekani pamaliro pomwepo: sanabwere, kapena anayamba kufunsa za khadi la chopereka thupi lili m'nyumba. Zimenezo zimachitika ndipo n'zochititsa manyazi. Kauzeni mkulu wa mpingo mmodzi amene mumamukhulupirira. Ngati simungathe kulowanso m'nyumba imeneyo pakali pano, kapemphereni kwina, koma pewani kuyendayenda m'misonkhano ya zozizwitsa mtima uli bala. Ndi nthawi imene munthu amagwidwa mosavuta.

8. Dziwani nthawi yopita kuchipatala.

Chisoni si matenda. Koma chikhoza kutsegulira khomo matenda a maganizo, ndipo amenewo amafuna chithandizo monga malungo. Ngati papita miyezi ndipo simukutha kudzuka kugwira ntchito, mukuonda, tulo tatheratu, mowa wachuluka, kapena mukumva mawu amene ena sakumva, pitani kuchipatala cha boma cha m'boma lanu mukafunse wa zamaganizo. Kuli St John of God ku Mzuzu ndi ku Lilongwe, kuli chipatala cha Zomba Mental, ndipo ku Queens kuno ku Blantyre amaonanso odwala otere. Kupita kumeneko si misala ndipo si kuchepa kwa chikhulupiriro.

Ngati maganizo odzipha abwera, musadikire miyezi. Uzani munthu lero lomwe, mwa mawu omveka, ndipo mumupatse asunge kutali mankhwala a mbewu, a makoswe, zingwe ndi mapiritsi. Musagone nokha usiku umenewo. Inu amene mwauzidwa, musayambe ndi kudzudzula kapena kutulutsa ziwanda. Khalani naye, kukacha mupite naye kuchipatala. Pemphero mupempherere m'minibasi.

Chotsala n'chimodzi. Padzakhala masiku amene zonse zidzabwerera ngati dzulo, ngakhale patapita zaka: Khirisimasi, tsiku lawo lobadwa, tsiku limene mwana adzakhoze mayeso. Langa ndi tsiku la mvula yoyamba, chifukwa iwo ankatuluka panja kukanunkhiza dothi ngati mwana, ine ndikukuwa kuti alowetse zovala. Masiku odziwikawo alembeni pakalendala, muuziretu mnzanu uja kudakali sabata, ndipo tsikulo musadye nokha. Ngati mnzanuyo ndine, imbani isanakwane 9 koloko usiku. Ikapitirira, foni imakhala pa chaja kuchipinda kwa ana, ndiye ingobwerani mudzagogode pawindo.